Mabuleki a Kachule ka Bambo

Ine ndi achimwene anga sitimwerana madzi, ndipo amene akufuna kutiyanjanitsa asadzivute. Abusa anayesa. Amalume anayesa mpaka kukhetsa thukuta, koma ine ndinangowathokoza n'kubwerera ku sipanala zanga. Anthu kuno amati tinadana chifukwa cha galimoto. Sakunama kwenikweni, koma nkhaniyi inayambira pa kachitini ka mafuta a mabuleki kosadzaza n'komwe makapu awiri a tiyi.

Galimotoyo inali ya Bambo. Iwo anagwira ntchito ya umakaniko zaka zambiri pa hotela ina kunyanja kuno, ndipo mzungu mwini hotelayo atakalamba n'kuganiza zokafera kwawo, anawasiyira kagalimoto kake kaliwiro, kobiriwira, ka mipando iwiri, kadenga kake kansalu kopinda. Kanali kachikale ngakhale nthawi imeneyo. N'kafupi moti ukakhala mkatimo umatha kutapa mchenga ndi dzanja osatsegula chitseko, ndipo nyali zake zinatuzuka pamwamba pa boneti. Ana a m'mudzi anakatcha kachule, dzinalo n'kukanirira mpaka lero.

Pathu tinabadwa awiri. Achimwene ndiwo aakulu, ndipo amayendetsa minibasi ya pakati pa Salima ndi Lilongwe. Kuyambira ali mwana ankakonda chiwongolero koma sipanala ankaithawa. Bambo akati bwera udzandigwirire apa, iwo mimba yawapweteka. Ndiye amene ndinkagona pansi pa galimoto ndi ineyo, mwana wamkazi, nditamanga chitenje ngati kabudula. Lero ndimakonza injini za maboti a asodzi opita ku chilumba cha Mbenji, ndipo palibe mwamuna pagombe pano amene angandiphunzitse kumanga nati.

Pa zonse za m'kachule, Bambo ankaopa kwambiri mafuta a mabuleki. Ankati injini ikafa umatsika n'kuyenda wapansi, koma mabuleki akafa amakutsitsa ndi anthu ena. Magalimoto a masiku ano ali ndi njira ziwiri za mafutawa, ina ikaboola ina imakugwira. Kachule kali ndi njira imodzi yokha: kathanki kamodzi kachitsulo, pampu imodzi, mapaipi opita ku matayala onse anayi. Ndipo m'pampumo ndi kumatayala muli timphira ting'onoting'ono timene sungatipeze pa depoti ngakhale utalira misozi. Timachokera kunja, ndipo kuti tifike umayenera kupempha munthu wa ku Lilongwe, iye n'kupempha wina, miyezi n'kumatha.

Malamulo awo anali ochepa, koma ankawanena tsiku ndi tsiku mpaka ndinkalota nawo. Ugule kachitini kolembedwa namba folo, kotseka, chidindo chake chosaboola. Usagule otunga m'mabotolo a zakumwa amene anyamata amagulitsa pa depoti, chifukwa sudziwa kuti asakaniza ndi chiyani. Wa namba faifi uja, wamtundu wa pepo, usamuyandikize, pakuti kachule kamwa folo zaka zonsezi ndipo awiriwa akakumana amachita phala. Kachitini ukakatsegula, mafuta otsalawo ndi otaya, chifukwa amamwa madzi a mumpweya. Kunyanja kuno, kumene dzinja mchere umasungunuka wokha m'mbale ndipo machesi amakana kuyaka, sipatenga nthawi. Madziwo akalowa, mabuleki akatentha amawira, chopondera n'kungomira mpaka pansi iwe uli pa liwiro.

Lamulo lalikulu linali la oyilo. Dontho la oyilo wamtundu uliwonse, kaya wa injini, kaya wa njinga, likalowa m'kathanki, timphira tonse timatupa. Choncho anandiphunzitsa kusakhulupirira maso. Uviike chala, udonthezere m'kapu ya madzi. Mafuta enieni a mabuleki amasungunuka n'kusowa m'madzimo. Oyilo amayandama n'kuchita timaso. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene anandionetsa zimenezi koyamba, tsiku lomwelo limene ndinatayira mafutawa pa chitseko cha kachule, penti n'kusupuka. Chipsera chake chilipobe.

Matenda a shuga atawalanda maso, Bambo anatiitana tonse awiri pakhonde. Mayi anali atatisiya kale. Achimwene anabwera atavala malaya oyera, akumwetulira, chifukwa ankadziwa kuti kiyi wa galimoto amapita kwa mwana wamwamuna. Anali atauza kale anzawo kuti azikanyamulira akwati ndi oimba ojambula nyimbo. Bambo anafufuza dzanja langa n'kuikamo kiyi.

"Ndakupatsa iwe chifukwa umadziwa kumene mafuta amadutsa," anatero. "Koma umve bwino. Tsiku limene mabuleki adzakane kachule kali m'manja mwako, kiyi ameneyu adzapita kwa mkulu wakoyu. Ndanena pamaso pa nonse."

Achimwene anaseka mokweza. "Ndidikira, Bambo. Sipatha chaka."

Panatha zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo akanadikirabe mpaka imvi. Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, Bambo ankavala jekete lawo la bulauni, ine n'kupinda denga, n'kuwayendetsa mpaka ku minda ya mpunga ya ku Lifuwu n'kubwerera. Sankaona kanthu, koma ankamva zonse. "Wachedwa kusintha giya." "Tayala lakumanzere kumbuyoku likufuna mpweya." Ankandikwiyitsa kwabasi, koma sabata yonse ankangodikira tsiku limenelo, ndipo Loweruka madzulo ankandifunsa kawiri ngati jekete ndalisita.

Chaka chilichonse mvula isanayambe tinkasintha mafuta onse. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri. Bambo ankakhala pa mpando woyendetsera, ine pansi ndi sipanala ndi kapaipi kolowa m'botolo, kuyambira tayala lakutali ndi pampu. Ndikakuwa kuti "Pompani!" iwo ankapompa. "Gwirani!" iwo n'kukanikiza osasiya, ine n'kumasula kanati, mafuta akale akuda ngati tiyi wopanda mkaka n'kutuluka ndi thovu lake. Tinkatero mpaka atuluke oyera opanda kathovu ngakhale kamodzi. Phazi la Bambo linkadziwa chopondera kuposa maso anga. Ankatha kunena kuti mpweya watsalira kutsogolo kumanja, ndikapita n'kuupezadi.

Chaka chimene ndikunenachi, ndili pansi pa galimoto ndinaona kuti kapompedwe kasintha. Nditasuzumira ndinapeza akuponda ndi phazi lamanzere, lamanja atalipinda pambali m'jombo yawo yakale ya kuntchito.

"Aa, Bambo, lero mwasanduka amanzere?"

"Mwendo nawo umafuna tchuthi," anatero. "Iwe yang'ana kanati kako."

Ndinaseka, n'kuyang'anadi kanati kanga.

Tsono pali uchitsiru wina kuno umene ndakhala ndikulimbana nawo moyo wanga wonse. Anthu amakhulupirira kuti mafuta a mabuleki ndi mankhwala. Mwana akachita zipere, akuti mupakeni. Msodzi akachita linyetsu m'zala zakuphazi, akuti dontheza. Bala likakana kuuma, akuti amaliumitsa. Amabwera pa shedi yanga ndi tizibotolo ta mankhwala a chifuwa, nkhope zachisoni, "Mayi, tithandizeniko kadontho." Ine ndimawatengera pa chitseko cha kachule n'kuwaonetsa chipsera chija. Chinthu chosupula penti pa chitsulo, inu mukufuna mukapake pa mutu wa mwana? Pitani kuchipatala, zitsiru inu! Ena amachoka akunditukwana kuti ndine wouma mtima, ndipo zimenezo sizinandisowetsepo tulo. Mlaliki wamkulu wa mankhwala amenewa anali achimwene anga. Ku depoti kwawoko munthu akadzicheka ndi chitsulo amangotsegula boneti.

Chaka chimenecho ndinagula tizitini tiwiri ku sitolo ya zida za magalimoto ku boma. Kamodzi tinathera posintha paja, kena ndinaika pa shelefu m'shedi, kotseka. Patatha milungu itatu ndinakanyamula kuti ndipukute fumbi, n'kumva kuti kapepuka. Chidindo chinali chobooledwa ndi msomali, kabowo kake atatseka ndi kamtengo ka machesi. Ka machesi! M'mwezi wa Disembala, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku!

Sindinafune wondiuza kuti ndani. Achimwene ankabwera pakhomo m'mawa uliwonse wachiwiri, minibasi isananyamuke, kudzasambitsa Bambo. Mwana wamkazi sasambitsa bambo ake, ndiye ntchito imeneyo inali yawo, ndipo ndivomereze kuti sankajomba. Ine zanga zinali kuphika, kuchapa, ndi kuwerengera Bambo mapilitsi. Tsiku limenelo ndinawadikira pa khomo la bafa, kachitini kali m'manja.

"Achimwene, ichi n'chiyani?"

"Ndi chitini. Ukufuna ndikuwerengere zolembazo?"

"Mwaboola ndinu. Mukukagawira asodzi kuti azikupatsani usipa waulere, eti? Mukudziwa kuti kameneka tsopano n'kotaya?"

"Supuni ziwiri zokha, ndiye mpaka kuitanitsa mudzi wonse? Iwe galimoto imeneyi inakudya mutu. N'chifukwa chake mwamuna anakuthawa."

Pamenepo ndiye anandiponda pachilonda. Ndinawauza kuti iwo si dalaivala koma wonyamula maliro amene sanafe, kuti minibasi yawo imaima ndi mapemphero a okwera, kuti ku depoti kwawoko amathira madzi a sopo m'mabuleki n'kumadzitcha amakaniko. Ndinawaponyera kachitiniko n'kuwamenya paphewa. Iwo anangogwira paphewapo n'kuchoka, ine n'kutola kachitiniko n'kukakataya m'chimbudzi. Bambo anali pakhonde atavala kale masokosi ndi jombo, nkhope atalozetsa kunyanja. Sanandidzudzule, ndipo ine ndinaganiza kuti akugwirizana nane.

Tsiku lomwelo ndinakwera kabaza kupita ku boma, ndinagula kachitini kena, n'kukabisa m'sutikesi pansi pa bedi langa. Pa shedi ndinaikapo loko wamkulu. Kiyi mmodzi ndinasunga ine, wina ndinamangirira pa chingwe n'kuveka Bambo m'khosi, chifukwa ankakonda kukakhala m'kachule m'mawa ine ndikapita kugombe, akungogwiragwira chiwongolero. Ndinawauza kuti mkulu wangayo asamulole kuyandikira. Anati amva.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkatsegula boneti, kumasula chivindikiro cha kathanki, kuunika ndi tochi ya pafoni. Mafuta ankakhala pamzere penipeni, oyera mbee. Ndinkadzitama mumtima kuti chaka chino ndasintha bwino, mpaka Febuluwale sanadetsedwe n'komwe. Chala sindinaviike. Kapu ya madzi inali pompo pa shelefu, koma ndinali ndi loko, ndiye ndinkaopanso chiyani? Chivindikiro chinayamba kulimba pomanga, ine n'kumati ndi kutentha. Lamulungu lomaliza chopondera chinali pamwamba kwambiri, cholimba, ndipo pobwerera kachule kankalemera pang'ono. Bambo tsiku limenelo sanadzudzule giya ngakhale kamodzi. Anangotsamira mutu, thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti tibwerere msanga.

Lachitatu lotsatira sanatuluke kudzamwa tiyi. Silinali tsiku losamba, ndiye achimwene anali ku depoti. Ndinagogoda, ndinaitana, kenako ndinalowa. Thupi linali lotentha, akubwebweta, ndipo m'chipindamo munali fungo limene sindinalimvepo pathu. Ndinaiwala za mwambo. Ndinavundukula bulangete n'kuvula sokosi ya phazi lamanja, imene inali itamatirira.

Mayo ine! Zala ziwiri zinali zakuda bii, pansi pa phazi pali bala lokumbika loti n'kulowa chala changa chachikulu, khungu lozungulira litayera n'kusupuka. Ndipo pamwamba pa fungo la kuola panali fungo lina limene mphuno yanga imalidziwa kuposa la ndiwo. Pansi pa bedi ndinapeza kabotolo ka mankhwala a chifuwa ndi jakisoni wopanda singano.

"Bambo! Bambo, mwachita chiyani?"

"Limauma," anatero ndi mawu otsika. "Linayamba kuuma. Ukanadziwa ukananditengera kuchipatala, n'kukandidula."

Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anandithandiza kuwanyamula mpaka m'kachule. Ndinaliza injini, ndinadutsa mumchenga, ndinakwera pa tala wopita ku boma, n'kuponda mafuta kuposa mmene ndinapondera chiyambire. Pa mlatho woyamba panali mbuzi, ndiye ndinagwira buleki. Mbuzi zinadutsa, ine n'kuchotsa phazi, koma kachule sikanamasuke. Kanayamba kulemera ngati ndikukoka ngolo ya mchenga. Ndinatsitsa giya, injini n'kulira, fungo la chopsa n'kudzaza, utsi ukutuluka kumatayala onse anayi. Tinaima pakati pa msewu.

Ndinatsegula boneti, ndinamasula nati ya pa pampu, mafuta n'kuthovoka, matayala n'kumasuka. Koma nditamanganso n'kuyesa chopondera, chinamira mpaka pansi osabwerera. Ndinamasula chivindikiro cha kathanki. Kamphira kake kanali katatupa ngati mandasi. M'mphepete mwa msewu munali chithaphwi cha mvula ya dzulo lake. Ndinaviika chala m'kathanki, ndinagwada, n'kudonthezera m'madzimo.

Bambo, amene ndinkayesa kuti sakumva chilichonse, anafunsa ali pa mpando paja, "Asungunuka?"

"Ayandama."

Msewu umenewo m'mawa umadzaza njinga, ana a sukulu ndi amayi a mabeseni a nsomba, ndipo sindikanayenda nawo ndi buleki ya pamanja yokha. Pa tsiku limodzi lokha limene kagalimoto kameneka kanafunikadi pa moyo wa Bambo, kanali chitsulo chabe. Ndinatulutsa foni n'kuimbira munthu amene ndinalumbira kuti sindidzamupemphanso kanthu.

Achimwene anatsitsa okwera onse pa depoti n'kubwera ndi minibasi yopanda munthu. Tikuwagoneka Bambo pa mpando wautali, ndinawagwira malaya.

"Munathiramo chiyani?"

"Si nthawi yake ino, chemwali."

"Ndati munathiramo chiyani, mfiti inu?"

"Mafuta a makina osokera a alamu ako. Ndi oyera chimodzimodzi. Bambo amanditsegulira shedi, ndimatapa pang'ono m'kathanki ndi jakisoni, ndiye ndimabwezeretsa pamzere kuti iwe usalalate. Ukanasiya chitini chija pa shelefu, bwenzi zonsezi kulibe."

Ndinawamenya khofi pamaso pa anthu amene anali atasonkhana. Iwo sanabweze. Anangokwera n'kuliza injini, ine n'kukhala kumbuyo nditanyamula mutu wa Bambo mpaka ku boma.

Adokotala anafunsa kuti balalo lakhala nthawi yaitali bwanji ndipo tinkapakapo chiyani. Achimwene anayang'ana pansi, ndiye ndinayankha ndine. Adokotalawo anandiyang'ana kuyambira ku ovolosi mpaka ku zikhadabo zanga zakuda, n'kufunsa ngati ndine makaniko. Ndinati inde. Anangopukusa mutu n'kutembenukira ku phazilo, koma ndikanakonda akananditukwana. Mwendo anaudula m'munsi mwa bondo.

Patatha masiku asanu, nthawi yoona odwala masana, Bambo anali atatsitsimuka. Tinali tonse awiri, ine mbali iyi ya bedi, achimwene mbali inayo. Anatambasula dzanja.

"Kiyi."

Ndinayesa kuti sindinamve bwino. "Kiyi wa chiyani, Bambo?"

"Mabuleki anakana kachule kali m'manja mwako. Ndinanena pamaso pa nonse."

Ndinaimirira, mpando n'kugwa. Odwala a mabedi ena anatembenuka. Ndinawauza kuti amene anatsegula shedi ndi iwo, amene anathira oyilo ndi mwana wawo wokondedwayo, ndipo amene anandiphunzitsa kuti mafutawa amasupula penti ndi iwo omwewo, n'kukadzipaka okha paphazi ngati msodzi wosaphunzira. Ndinati mwadula mwendo wanu ndi manja anu, tsopano mukufuna kudula ine? Anandisiya mpaka mpweya unandithera.

"Za oyilo sindinkadziwa," anatero. "Uyu ndi mbuli, ndipo mbuli yachita zaumbuli. Koma iwe ndinakuphunzitsa. Miyezi iwiri ukutsegula kathanki m'mawa uliwonse, chala unaviika kangati?"

Ankanena zoona, ndipo chimenecho ndicho chinandipsetsa mtima koposa. Ndinatulutsa kiyi m'thumba la ovolosi n'kumuponya pa bulangete, pamalo pamene panayenera kukhala mwendo. Achimwene sanamutole msanga. Anamutola ine nditafika pakhomo la wodi, ndinamva kulira kwake.

Kachule anakakoka ndi minibasi mpaka kunyumba kwawo. Anayesa kukakonza ndi anzawo a ku depoti, anadula timphira kuchokera ku chubu cha njinga, sizinatheke. Anakakweza pa njerwa kuseri kwa nyumba n'kukafunditsa lona.

Chimene sindinauzepo abusa kapena amalume ndi ichi. Bambo akadali m'chipatala, ndinali nditatuma kale munthu wanga wa ku Lilongwe kuti andipezere timphira tonse, ta pampu ndi ta matayala anayi, pamodzi ndi mapaipi ofewa atsopano. Timphirato tinafika mu Juni m'kaenvulopu kakhaki. Ntchito yake ndinkaidziwa mutu ndi mchira: kumasula zonse, kutsuka mapaipi achitsulo ndi sipiriti mpaka oyilo atheretu, kuumitsa, kuika timphira, kuthira folo watsopano, kuchotsa mpweya. Masiku awiri basi. Ndinatenga kaenvulopuko n'kukaika m'sutikesi pambali pa kachitini kaja.

Bambo atabwerera kunyumba, Lamulungu loyamba anandiuza kuti ndiwasitire jekete. Ndinasita. Tikuchokera ku tchalitchi, kumene anyamata a kwaya anawakankha pa njinga ya olumala, anakhala pakhonde atavala jeketelo, ndodo zawo zili pambali, khutu atalozetsa kumsewu. Anakhala mpaka dzuwa linapendeka. Kunalibe galimoto yoti ibwere, ndipo iwo ankadziwa. Lamulungu lotsatira anachitanso chimodzimodzi.

Achimwene anabwera kamodzi pa shedi yanga, chipewa chili m'manja. "Chemwali, akuluwa akufuna kukwera galimoto yawo. Bwera udzakonze, ine zandikanika."

"Kiyi ali ndi ndani?"

"Ali ndi ine, koma..."

"Ndiye konzani. Muthiremo mafuta ophikira, mwina kayenda."

Ndinkadikira kuti Bambo anene mawu amodzi okha, akuti ndinalakwa, tenga kiyi wako. Ndikanathamanga opanda nsapato. Iwonso ankadikira kuti ine ndivomere za chala chija n'kukakonza popanda kiyi. Tinkadyera mbale imodzi, ndinkawawerengera mapilitsi, Loweruka lililonse ndinkasita jekete, ndipo za kachule palibe ankatchula. Mtima wouma umenewu ndinatengera kwa iwo omwewo, ndiye sankayenera kudabwa. Anamwalira mvula yotsatira isanayambe, sabata imene tikanasintha mafuta.

Titaika maliro, ndikulongedza zovala zawo, ndinapeza masokosi amene ndinkachapa ndi manja anga miyezi yonse ija. Onse a phazi lamanja anali ndi banga pansi, ulusi wake utafumbwa. Fungo lija ndinkalimva m'beseni sabata iliyonse, n'kumati ndi fungo la makaniko wokalamba. Kathanki ndinkakaunika ndi tochi m'mawa uliwonse, koma sindinafunsepo ngakhale kamodzi chifukwa chimene munthu amagonera ndi masokosi m'mwezi wa Januwale ku Salima.

Zimenezi sizikuchotsa mlandu wa achimwene, ndipo asaganize kuti ndafewa. Anaona bala lija likukula m'mawa uliwonse wachiwiri, n'kumadonthezerapo poizoni chifukwa choti Bambo anawauza kuti asaulule. Tikakumana pamsika ine ndimayang'ana tomato. Mwezi wathawu alamu anatuma uthenga kuti lona linang'ambika, nkhuku zikuikira pa mpando woyendetsera, ndipo amuna awo akuti ndikafuna ndikatenge kachuleko pamodzi ndi kiyi wake. Ndinawayankha kuti wokwera wake anapita.

Sutikesi ija ikadali pansi pa bedi. Timphira tili m'kaenvulopu kake, ndipo kachitini n'kosaboolabe, ngakhale tsiku lolembedwa pansi pake linadutsa kalekale.